Silinda ya makala imatentha popopa, mmawa geji yatsika: gasi akuthawa?

Funso ili lachokera kwa achimwene ena a ku Lusangazi konkuno ku Mzuzu, oweta ng'ombe za mkaka, ali ndi chitanki cha ndowe chija chotulutsa bayogasi. Akuti masana gasi amachuluka pomwe sakuphika nde amangotayika, ndiye anamva kuti ukathira makala apadera otchedwa activated carbon mu silinda imasunga gasi wambiri pa presha yochepa. Anapeza silinda yakale ya 9 kg, anathiramo makalawo pafupifupi makilo 10, nkumapopera ndi kompresa ya filiji yakale mpaka geji kufika pa 8 bar. Koma popopa silinda imatentha, mmawa geji imapezeka ili cha pa 4 chonsecho sanaphikire, ndipo akamaphika silindayo imazizira mpaka kuchita thukuta, moto nkumafooka. Akufunsa ngati gasi akuthawa, komanso ngati atapeza kompresa yofika 100 kapena 200 bar makala angasunge kuchulukitsa ka 10 kapena ka 20.

Yewo achimwene, funso lanu landisangalatsa chifukwa zomwe mwaona ndi manja anu kuseri kwa khola ndi zomwe ana a sukulu timavutika kuwafotokozera pa bolodi teremu yonse. Ndiyambe ndi kukutsitsani mtima, mwa zonse mwanenazi palibe chomwe chikusonyeza kuti gasi akuthawa. Pakani thovu la sopo pa valavu ndi molumikizira monse kuti mutsimikize, zimenezo ndi zofunika ndithu, koma kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 4 usiku umodzi ndi khalidwe lenileni la makala amenewa, olo silinda itakhala yatsopano yochoka mu shopu lero.

Makala mwathirawo si ofanana ndi a pa thumba ogula pamsika aja. Ndi makala omwe anawotchedwanso ndi nthunzi pa moto wa madigri 800 mpaka 1000, kapena ndi mankhwala ngati phosphoric acid, mpaka mkati mwake munadyeka nkutsala timabowo tosawerengeka. Timabowo tofunika kwa inu ndi tochepera 2 nanomita (nanomita ndi milimita yogawidwa ka miliyoni), ndipo molekyu ya methane, gasi woyaka wa mu bayogasi, ndi ya 0.38 nanomita, nde mukuona kuti mu kabowo kamodzi mumangokwana mamolekyu osaposa asanu mopingasa basi. Mutati muyale makoma a timabowo tonse ta mu galamu imodzi, mupeza masikweya mita cha m'ma 1000. Magalamu 7 okha ndi bwalo la mpira lathunthu. Inu muli ndi makilo 10, werengani nokha mabwalo angati ali mu silinda yanuyo.

Gasi akalowa, mamolekyu amakokedwa ndi makoma aja nkumakakamira pamenepo, ndi zomwe amati adsorption. Sikuti asungunuka kapena asanduka chinthu china ayi, angotsamira khoma, ndipo mu kabowo kopapatiza makoma awiri amakoka onse mbali zonse nde amagwidwa kwambiri. Izi si zatsopano, Scheele anaziona pa makala mu 1773, ndipo de Saussure mu 1814 anaona kale zoti makala akamamwa mpweya amatentha. Zomwe dzanja lanu linamva pa silinda zija zinalembedwa zaka 200 zapitazo.

Nanga kutenthako kumachokera kuti? Apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Ganizani ng'ombe zanu zili kudambo, ina uku ina uko, iliyonse kuyenda komwe yafuna. Kuti zilowe mkhola zokha popanda mkwapulo pamafunika madeya, apo bii sizingasiye ufulu wake. Mamolekyu a gasi naonso ali pa ufulu, akuuluka mbali zonse, ndipo ufulu umenewu a thermodynamics amautcha entropy. Akakakamira pa khoma ufulu uja wachepa. Gibbs, katswiri wa ku Yale wa zaka za m'ma 1870, anatisiyira kasamu kakuti ΔG = ΔH − TΔS, pomwe ΔH ndi kusintha kwa mphamvu, T ndi katenthedwe, ΔS ndi kusintha kwa ufulu uja, ndipo chinthu chimachitika chokha pokhapokha ΔG ikhale pansi pa ziro. Pa adsorption ΔS ili kale pansi pa ziro poti ufulu watayika, ndiye chigawo cha −TΔS chikukankhira mmwamba, chikukana. Njira yokhayo yoti zitheke ndi yoti ΔH itsike kwambiri kuposa pamenepo, kutanthauza kuti molekyu ikafika pa khoma imataya mphamvu, ndipo mphamvu yotayikayo imatuluka ngati kutentha. Palibe kuzemba, makala aliwonse, gasi aliyense, akamalowa kumatentha basi. Ndipo onani T ija, ikuchulukitsa ufulu. Kukatentha ufulu umakwera mtengo, madeya omwe aja sakwananso, ng'ombe zimatuluka.

Tiyeni tiike manambala, ongoyerekeza koma osapita patali ndi zoona. Methane pa activated carbon amatulutsa 15 mpaka 20 kJ pa mole iliyonse (kJ ndi muyeso wa mphamvu, mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu), CO2 amaposa, 20 mpaka 30. Makala wamba a mtundu uwu amagwira methane pafupifupi mole imodzi pa kilo pa 1 bar, ma mole atatu pa 8 bar, asanu cha pa 35 bar. Makilo anu 10 pa 8 bar ndi ma mole 30, kuchulukitsa ndi 16 kJ mupeza 480 kJ, kutentha kokwana kufunditsa malita 5 a madzi ndi madigri oposa 20. Tsono kutenthako kulibe kolowera msanga chifukwa makala sapatsirana kutentha bwino, ali ngati bulangete. Makala ndi chitsulo cha silinda pamodzi zimafuna cha m'ma 13 kJ kuti zikwere digri imodzi, nde gawani, mupeza madigri 30 ndi kanthu. Mukayamba pa 20 pakati pa silinda pamafika cha m'ma 50, kunja dzanja limangomva kufunda koma mkatimo ndi motentha kuposa.

Nde mwatseka valavu geji ili pa 8, makala ali otentha, mwakagona. Usiku wa kuno mukuudziwa, makamaka June ndi July pomwe chifunga chimatsika ngakhale zala kukanika kukama. Makala azizira kufika mwina pa 12, njala yawo yabwerera, ayamba kumeza gasi yemwe anali akungoyandama mmipata, geji nkutsika. Gasi ali momwemo, wangosamuka kuchoka mmipata kulowa mmabowo, ndipo geji imangoona wa mmipata yekha, wokakamira pa makoma siyimuwerenga. Pali samu ya Clausius-Clapeyron yomwe imanena kuti itsika bwanji: ln(P2/P1) = (q/R)(1/T1 − 1/T2). Muike q = 16000, ndi 16 kJ ija, R = 8.314, ma T akhale mu kelvin, 285 ndi 323, ndi madigri 12 ndi 50 aja, P2/P1 ikubwera pafupifupi 2.2. Kutanthauza kuti gasi yemweyo amene amafuna presha yakuti pa madigri 50, pa madigri 12 amangofuna yochepera theka. Kamodzi kokha kosamala, geji imayambira pa presha ya mpweya wa panja, ndipo kuno tili pamtunda wa mamita cha m'ma 1250 nde mpweya wathu ndi pafupifupi 0.87 bar. 8 ya pa geji ndi 8.9 yeniyeni, kugawa ndi 2.2 ndi 4, kuchotsanso 0.87 geji ingaonetse 3 ndi kanthu, koma poti makala akamameza amayamba kukhuta imaima cha pa 4. Mwaona? Ndi nambala yanu ija. Silinda yopanda makala ikanangotsika kuchoka pa 8 kufika pa 7 basi.

Pophika ndi nkhani yomweyo koma chobwerera. Kuti molekyu ichoke pa khoma iyenera kubweza mphamvu ija inataya, ndipo imailanda kwa makala omwewo, makala nkuzizira, akazizira agwiritsitsa gasi wotsala, presha igwa, moto ufooka nsima isanapse. Thukuta mumaona pa silinda ndi chinyezi cha mumpweya chikugwera pa chitsulo chozizira ngati pa botolo la Fanta lochoka mu filiji. Mukatseka nkudikira ka ola mupeza geji yakweranso yokha, anthu ena amayesa matsenga. Chothandiza ndi kupopa pang'onopang'ono, kudikira izizire nkuwonjezeranso, ndipo pophika kuimika silinda mu beseni la madzi wamba kuti izibwereka kutentha ku madziwo. Madzi wamba ndatero, osati owira, ndipo osayerekeza kuyandikiza ku mbaula.

Palinso gasi wina amene simudzamuona olo mutani. Ndanena kuti pa 1 bar makala amagwirabe mole imodzi pa kilo, nde geji ikafika pa ziro mkatimo mwatsala ma mole cha m'ma 10 mwa 30 aja, ali phee. Chomwe chimawerengedwa ndi chotuluka osati cholowa. Nchifukwa chake makala ogwira mwamphamvu kwambiri si abwino posungira, amalandira koma sabweza, ngati mnzako wangongole uja. Bhatia ndi Myers anawerengera mu 2006 kuti posunga pa 30 bar nkutulutsa mpaka 1.5 bar pa madigri 25, kukoka koyenera kwa methane ndi 18.8 kJ pa mole, ndipo mwayi wake makala ali chapompo. Hydrogen ndiye amavuta, amafunika 15 koma pa makala amangogwidwa ndi 4 mpaka 8, nchifukwa chake ofufuza amachita kumuziziritsa ndi nitrogen wamadzi pa −196.

Tsopano funso lachiwiri, la 100 kapena 200 bar. Yankho ndi ayi, ndipo pali zifukwa ziwiri, china chophweka china chozunguza mutu pang'ono. Chophweka ndi chakuti malo amatha. Langmuir anazilemba mu 1918, poyamba ukawonjezera presha makala amameza mofanana ndi momwe wawonjezera, kenako mzere umapindika nkugona. Onaninso manambala aja, kuchoka pa 1 kufika pa 8 bar mwapindula ma mole awiri pa kilo, kuchoka pa 8 kufika pa 35 mwapindula awiri okhanso chonsecho mwapopa ma bar 27. Kupitirira apo ndi kungotopetsa kompresa.

Chozunguza mutu chija ndichifotokoze ndi mvula ya kuno. Kukayamba kuwaza mtauni anthu amathamangira pa makonde a mashopu, pakhonde nkudzaza thothotho pomwe mumsewu muli anthu awiri atatu. Phindu la khonde ndi anthu owonjezera omwe lasonkhanitsa kuposa omwe akanakhala pamalo omwewo likanakhala kuti kulibe. Koma tsiku loti mtauni muli chikhamu, msewu nawo uli wodzaza phewa ndi phewa, pakhonde sipangalowenso wina, ndiye kusiyana kwa khonde ndi msewu kumayamba kuchepa. Anthu pakhonde sanachepe, koma phindu la khonde latsika. Mu labu zida zathu zimangotha kuyeza owonjezerawo, amati excess adsorption, nalonso ndi ganizo la Gibbs yemwe uja. Onse ali mmabowo amati absolute, ndipo excess ndi absolute kuchotsapo gasi yemwe akanakhala mu malo amenewo pa kuthinana kwa panja. Pa presha yochepa ziwirizi ndi chimodzimodzi poti gasi wa panja ndi wopyapyala. Koma presha ikakwera mmabowo mwadzaza pomwe panja pakuthinanabe, nde mzere wa excess umakwera, kufika pansonga, kenako nkuyamba kutsika. Kwa methane pa kutentha kwa mnyumba nsongayo imabwera chakufupi ndi 100 bar pa makala ambiri.

Ine ndili mwana wa sukulu izi zinandigonetsa ndi njala. Ndinkayeza methane pa makala, kufika pa presha zapamwamba manambala anayamba kutsika, ine nkuti chida chikudontha, masiku atatu ndili ndi thovu la sopo kusaka bowo lomwe kunalibe. Nditamvetsa za excess ndinapezanso kuti ndinalakwitsa pena, poyeza malo opanda kanthu mu chidacho. Timayeza ndi helium poganiza kuti iye sakakamira pa makala, ndipo kaphonyedwe kakang'ono pamenepo sikaoneka pa 5 bar koma pa 150 bar kamakula mpaka kukupatsa adsorption ya pansi pa ziro, zinthu zopanda mutu. Kumtunda kumeneko ngakhale presha yeniyeniyo siyikhulupirika pa masamu, chifukwa methane satsatiranso lamulo la PV = nRT, pa 200 bar amapanikizika kuposa momwe lamulolo likunenera ndi gawo pafupifupi limodzi mwa asanu kapena asanu ndi limodzi, nde mmalo mwa presha timagwiritsa presha yokonzedwa yotchedwa fugacity yomwe Lewis anabweretsa mu 1901. Ndipo ukalowetsa manambala a excess mu Clausius-Clapeyron pafupi ndi nsonga ija, q ija, kutentha kotuluka pa mole iliyonse komwe amati isosteric heat, imatuluka yamisala, imathawira kumwamba, poti samuyo imafuna absolute, ndipo absolute sungayeze mwachindunji, umachita kuganizira kukula kwa malo omwe gasi wokakamirayo watenga. Anthu amakangana pa zimenezi mpaka lero.

Kwa inu tanthauzo lake ndi ili. Makala enieniwo, thupi lake, amadya malo, makilo 10 amatenga malita pafupifupi 5 mwa malita 21 a silinda yanu. Pa 8 bar kutaya malita 5 si kanthu poti silinda yopanda makala ikanasunga malita a gasi osafika 200 pomwe ya makala ikusunga cha m'ma 700. Pa 35 bar yopanda kanthu imasunga kuchulukitsa ka 37 kukula kwake, ya makala abwino opakidwa bwino ka 100 mpaka 150, ndipo a Department of Energy ku America mu 2000 anaika chandamale cha 180 pa presha imeneyo. Koma pa 200 bar, presha ya magalimoto oyendera gasi wopanikizidwa, CNG, silinda yopanda kanthu imasunga yokha kupitirira ka 200, nde makala angosanduka mlendo wodya malo. Phindu lawo lili pansi ndi pakati, osati kumwamba.

Mwina mukudabwa kuti nanga LPG amakwana bwanji makilo 9 mu silinda yomweyo pa presha yochepa. Iye amasanduka madzi, propane pa madigri 20 amangofuna cha m'ma 8 bar, butane 2 basi. Methane sangasanduke madzi pamwamba pa −82.6 olo mumupanikize chotani, nchifukwa chake tikuvutika ndi makalawa. Ndipo ndikuuzeni zoona zake musakhumudwe, ma mole 20 otuluka aja ndi pafupifupi 16 MJ, kufanana ndi gawo limodzi mwa atatu a kilo ya LPG. Ndi kuphika kwa maola awiri atatu. Si zachabe, gasi amene akanatayika, koma musayembekezere kuti mudzazitsa mwezi.

Ndipo manambala onsewa ndi a methane woyera, pomwe wanu ndi bayogasi, methane 50 mpaka 70 pa 100 alionse, wotsalayo makamaka CO2, kuphatikiza chinyezi ndi H2S wonunkha ngati dzira lowola uja. Makala amakonda CO2 kuposa methane, nde iye ndi amene amalanda malo abwino, kutentha popopa kumachulukanso chifukwa cha iye. Potuluka methane amatsogola, CO2 amatsalira, nchifukwa chake ndikukayikira kuti moto wanu umayamba bwino wa buluu kenako kumapeto umangothawa pa sitovu nkuzima, si kuzizira kokha. Chinyezi ndi H2S ndiye zoipitsitsa, zimangounjikana ulendo uliwonse, pakatha miyezi mupeza makala akugwira theka. Gasi asanafike ku kompresa adutse kaye mu chigubu cha steel wool wa dzimbiri kuchotsa H2S, kenako mmadzi a layimu kuchepetsa CO2, kenako silica gel kuumitsa. Paikeninso kasefa pakamwa pa silinda, fumbi la makala limatseka valavu.

Apa pokha ndiyankhule ngati mkulu wanu. Silinda ya LPG inapangidwira LPG, yakale yosadziwika mbiri yake komanso yolowa H2S ndi chinyezi imadyeka mkati inu osaona, nde musapitirire pomwe mulipo, za 35 bar zimafuna silinda yake yoyesedwa, za 100 kapena 200 ndiye musaziganizire nkomwe pakhomo. Kompresa ya filiji ikatsekeredwa imatha kukankha kuposa momwe mukuganizira, ikani valavu yotulutsa yokha presha ikapyola, ndipo musamaisiye ikupopa inu muli ku khola. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa panja, methane akasakanikirana nawo pa 5 mpaka 15 pa 100 amaphulika, nde paipi yokokera ikang'ambika kapena chitanki chikatha gasi kompresa nkumakoka mpweya, mukupopera bomba. Makala atsopano naonso amabwera atamwa kale mpweya, ulendo woyamba umafunika kudzaza pang'ono nkutaya panja kutali ndi moto kangapo. Silinda izikhala panja pamthunzi podutsa mphepo, osati kuchipinda. Ine nditakhala inu, kunena chilungamo, ndikanayamba ndaganizira chithumba chachikulu cha pulasitiki yolimba chosungira gasi pa presha yochepa, nchotchipa ndipo sichifuna magetsi, silinda ikhale ya pomwe mukufuna kunyamula gasi kupita naye kwina. Ndipo mukafuna kumagulitsa kwa aneba yambani mwafunsa a MERA, ndi amene amayang'anira za gasi.

Za makala, ngati mudzafune ena, zikhokhombe za makademiya zimatulutsa activated carbon wabwino ngati za kokonati, ndipo kumpoto kuno amalimidwa, koma kuwotcha mu dramu kumangokupatsani makala wamba, kutsegula timabowo kumafuna ng'anjo yosunga madigri 800 aja ndi nthunzi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pakadali pano ndikupempheni kantchito kamodzi. Dzazani silinda, muisiye tsiku lathunthu izizire, osaphikira masiku atatu. Mangirirani thermometer pa chitsulo nkukutira ndi kansanza, muziwerenga geji ndi thermometer 5 koloko mmawa musanakame, 2 koloko masana, ndi madzulo. Ngati mmawa uliwonse wozizira mofanana geji ikubwerera pamalo amodzi, palibe chikuthawa. Ngati ikutsikirabe tsiku ndi tsiku ndiye bwererani ku sopo. Manambalawo munditumizire, poti silinda yotseka ili ngati kuti gasi wa mmakala sakusintha kuchuluka, nde tikajambula ln P ndi 1/T kupendekeka kwa mzerewo kutipatsa isosteric heat ya makala anu enieniwo. Ikatuluka cha m'ma 16 kapena 18 ndiye kuti mwadzaza methane, ikayandikira 25 tidziwa kuti CO2 ndi amene wakhala pa mipando, ndipo muyambire pa madzi a layimu.